Pa Chitsulo

Mayi Namalomba anabwera ndi pepala
lopindidwa kanayi, m'mphepete mutang'ambika,
nalitambasula pa benchi yanga ku Ndirande
pakati pa mageti osatha ndi mbaula za maoda.
Ndinaliyang'ana. Ndinalitembenuza chadodolido.
Chimodzimodzi.
Ndinati, "Mayi, mutu wake uli kuti?"
Anaseka. "A Nakhumwa, inu wotchererani basi."

Miyezi isanu.
Maekiselo a minibasi zakufa,
njanji ziwiri zopindika, mapaipi a mjigo,
ndi chivundikiro cha thanki
chomwe sindinafunse kumene chinachokera.
Magetsi akathima tinkasewera bawo pa mthunzi;
akayaka pakati pa usiku ndinkadzutsa anyamata.
Maso anga anamwa moto mpaka kutupa.
Mkazi wanga ankandiika mbatata yaiwisi pazikope
akung'ung'udza: "Geti ndimalidziwa, limatseka.
Mbaula imaphika.
Nanga ichi chimatani?"

Tsiku lochiimika kireni inatseka msewu wonse,
malole anaima mpaka kuseri kwa chitunda,
madalaivala akutukwana ndi mahutala.
A masuti anadula riboni,
anawomba m'manja maso ali pa wotchi.
Dzina langa silili pa mwalapo.
Ndinalandira botolo la zoziziritsa kukhosi
ndi theka la ndalama zanga.

Tsopano chaima pa raundi,
miyendo itatu, umodzi wosafika pansi,
nthiti zotsegukira ku Soche,
pamwamba pake chinthu chonga khutu,
kapena khasu, kapena funso.

Kondakitala wina amati ndi mtengo wa shuga:
"Taonani kukwera kwake, osayang'ana m'mbuyo."
Mlaliki wa chimkuzamawu anachidzudzula sabata yathunthu,
kenako mvula itamupeza anabisala pansi pake.
Asing'anga amatapo mapepala obweza chikondi.
Mwana wa yunifolomu yobiriwira anauza mnzake
kuti ndi njovu imene inagundidwa ndi sitima.
Ndipo Tiyese, wogulitsa mayunitsi,
alibe nacho maganizo:
amangosuntha kampando kutsata mthunzi wake,
ukafika pa ngalande amadziwa kuti yakwana folo.

Mkulu wina wa ku Chilomoni, jekete lothetheka,
anaima nthawi yaitali, chipewa chili m'manja,
nati kwa ine, osadziwa kuti ndine ndani,
"Uyu ndi munthu wosenza katundu
amene waiwala kumene amapita."
Ndinafuna kumuuza kuti ndi ekiselo ya minibasi.
Ndinangoti, "Mwina."

Chiperoni chikatsika mu Juni
chimameza theka lake lapamwamba,
dzimbiri limayenderera ngati tiyi wotayika,
akhwangwala amakhala pa khutu lija
kuweruza mzinda.

Koma pali msoko umodzi,
kumbuyo kwa mwendo wosafika pansiwo,
wonenepa, wokhotakhota, wa manyazi.
Ndinauwotcherera usiku umene foni inalira
kuchokera ku Gulupu:
mng'ono wanga Dafuleni wasiya kupuma.
Magetsi anali atangoyaka.
Ndinati ndimalize kaye ndodo imeneyi.
Ndinamaliza zisanu ndi ziwiri,
galasi lakuda litandiphimba nkhope
kuti anyamata asaone.

Mayi Namalomba anaupeza m'mawa mwake,
anayendetsapo chala.
Ndinati ndiupala ndi gilayinda.
Anati, "Ayi. Usiyeni."

Alendo amajambula chakutsogolo.
Ophunzira amabwera ndi makope
kulemba kuti chikuimira umodzi, chitukuko,
mawu aakulu ovala tayi.
Palibe amene amazungulira kumbuyo
kumene kumanunkha mkodzo ndi makoko a nzimbe.

Ine ndikamachokera kogula ndodo ku Limbe,
kondakitala akamenya chitseko,
"Pa Chitsulo! Otsika pa Chitsulo!"
nthawi zina ndimatsika,
ngakhale kwathu kukadali kutali.
Ndimadutsa pakati pa akabaza,
ndimaika dzanja pa msokowo.
Masana umatentha ngati chipumi cha wodwala.
Ndimadikira mpaka uzizire,
kenako ndimafunafuna ina yopita ku Ndirande.